Mikono ya malaya yotsala: kuwerenga pepala la kappa ndi lambda

Munthu akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka kuchokera ku chipatala cha Matero kapena cha Kanyama chifukwa cha msana wosamva mankhwala, magazi ochepa ndi impso zimene zayamba kufooka, dokotala angathe kulemba kuti akayezedwe zimene amazitcha serum free light chains. Zotsatira zake zimabwera pa kapepala ka mizere itatu: kappa, lambda ndi ratio. Achibale amaunjikana pa kapepalako, wina n'kuona nambala imene yaikidwa chizindikiro chakuti yakwera, basi mitima m'mwamba. Nthawi zambiri amakhala atayang'ana mzere wolakwika. Nkhani yeniyeni ili pa mzere wachitatuwo, ndipo kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tikaime kaye kwa atelala a mumsika.

Mzere wa atelala

Sabata yotsegulira sukulu mu Januwale, atelala a mumsika wa Chawama alibe nthawi yopuma. Makina akulira mbali zonse, tepi ili m'khosi, choko chili pakhutu, makolo aima pakhomo kudikira yunifolomu. Yang'anitsitsani patebulo. Telala amadula zipande ziwiri zazikulu, chakutsogolo ndi chakumbuyo, kenako n'kudula mikono iwiri. Akalumikiza zinayizo, malaya atha. M'mphepete mwa mkono, muja munadutsa sizasi, mumalowa mu msoko wa paphewa n'kubisika, moti wovala malayawo saonanso malo amenewo. M'mphepete mobisikamo tibwereramo kutsogoloku.

M'kati mwa mafupa athu, makamaka a msana, chiuno, nthiti ndi chigaza, muli mafuta ofiira amene amapanga magazi. Mmenemo mumakhalanso maselo otchedwa plasma cell, ndipo ntchito yawo ndi imodzi yokha: kupanga ma antibody, mapuloteni amene amakakamira tizilombo toyambitsa matenda kuti thupi litiwononge. Maselo amenewa ndiwo atelala athu, ndipo antibody ndiye malaya. Nayo ili ndi zipande zinayi: ziwiri zazikulu zotchedwa heavy chain, ndi ziwiri zazing'ono zotchedwa light chain, zomwe ndi mikono ija.

Mikonoyi ilipo ya mitundu iwiri, kappa ndi lambda. Tinene kuti kappa ndi mikono yaifupi, lambda ndi yaitali. Mumsika wa m'thupi muli lamulo losaphwanyika: telala aliyense amasoka mtundu umodzi basi moyo wake wonse, ndipo palibe malaya okhala ndi mkono wina waufupi wina wautali. Atelala a mikono yaifupi ndi ochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri anzawo a mikono yaitali.

Atelala amenewa ali ndi chizolowezi china: amadula mikono yambiri kuposa malaya amene akusoka. Yotsalayo imagwa pansi, ndiye kuti imalowa m'magazi ili yokha, yosalumikizidwa ku chilichonse. Imeneyo ndiyo free light chains. Si chizindikiro cha matenda ayi. Munthu wathanzi amataya pafupifupi theka la galamu ya mikono yotere tsiku lililonse. Wosesa mumsikawu ndi impso. Zimaisefa kuchoka m'magazi, ndipo timachubu tating'onoting'ono ta mu impso timaimeza n'kuiphwanya pafupifupi yonse, kotero kuti mu mkodzo mumafika yochepa kwambiri. Kappa imayenda iliyonse payokha, ndipo imasesedwa msanga. Lambda imakonda kumangana iwiriiwiri, n'chifukwa chake taipatsa dzina la mikono yaitali: si kuti ndi yaitalidi, koma ikamangana imakula, ndipo imachedwa kudutsa pa sefa ya impso. Chotsatira chake n'chodabwitsa pang'ono. Ngakhale kappa ndiyo imapangidwa yambiri, pansi pa msika wa munthu wathanzi pamapezeka lambda yochulukirapo.

Kuwerenga mizere itatu ija

Malire amene malabotale ambiri amagwiritsa ntchito anachokera ku Mayo Clinic ku America mu 2002, atayeza magazi a anthu 282. Kappa imakhala pakati pa mamiligalamu 3.3 ndi 19.4 pa lita imodzi, lambda pakati pa 5.7 ndi 26.3. Ratio ndi nambala ya kappa yogawidwa ndi ya lambda, ndipo imayenera kugwera pakati pa 0.26 ndi 1.65.

Mukalowa mumsika n'kupeza mikono yotsala itachuluka pansi, zifukwa zake zingakhale zitatu, ndipo n'zosiyana kwambiri.

Choyamba, mwina ntchito yangochuluka, ngati mu Januwale muja. Atelala onse akusoka usiku ndi usana, ndiye yaifupi ndi yaitali yomwe yachuluka limodzi. Izi n'zimene zimachitika thupi likamalimbana ndi TB, HIV, matenda a chiwindi kapena matenda otupitsa mfundo. Tiyerekeze kuti pepala lalemba kappa 45, lambda 50. Zonse ziwiri zadutsa malire, zonse zaikidwa chizindikiro chofiira, koma ratio ndi 0.9, ili m'malo mwake. Ameneyu ndi msika wotanganidwa, osati wosokonekera. Kwa ife a mu Lusaka mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu 11 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi HIV, ndipo TB sisowa m'makomboni mwathu. Anthu ambiri amene angayezedwe kuno adzapezeka ndi manambala awiri oyambawo atakwera popanda khansa iliyonse.

Chachiwiri, mwina wosesa wadwala. Impso zikafooka chifukwa cha shuga kapena BP, mikono yonse imaunjikana, nthawi zina kuwirikiza kangapo. Apa ratio imasuntha pang'ono: popeza kappa sikusesedwanso mwachangu monga kale, kuchuluka kwa atelala ake kumayamba kuoneka. N'chifukwa chake kwa odwala impso madokotala ambiri amagwiritsa ntchito malire ena, kuyambira 0.37 mpaka 3.1. Gogo wa impso zotopa amene ratio yake ndi 2.1 sayenera kuuzidwa kuti ali ndi khansa chifukwa cha nambala imeneyo yokha. Ku Iceland, kafukufuku wotchedwa iStopMM anayeza anthu oposa 75,000 a zaka zopitirira 40, ndipo anaonetsa kuti malire akale aja amaopseza anthu ambiri popanda chifukwa, makamaka okalamba ndi a impso zofooka.

Chachitatu ndicho chimene dokotala akufunafuna. Pansi padzaza mikono yaifupi yokhayokha, mulu wofika m'mawondo, yaitali n'kusowa. Pepala likuti kappa 1,200, lambda 8, ratio 150. Kapena zatembenuka: lambda 900, kappa 6, ratio yatsika mpaka 0.007. Palibe matenda opatsirana amene amasankha atelala a mtundu umodzi. Mulu wotere ukutanthauza kuti mikono yonseyo ikuchokera pa tebulo la munthu mmodzi.

Telala wosokonekera

Khansa ya myeloma imayamba selo limodzi la plasma cell likasokonekera n'kuyamba kuberekana mosalekeza. Tinene kuti telala mmodzi waphunzitsa anyamata, anyamatawo aphunzitsa ena, onse akudula saizi imodzi pa nsalu imodzi, ngakhale palibe amene waoda. Amalanda matebulo a anzawo mpaka msika wonse kukhala wawo.

Zizindikiro za matendawa zimachokera pa kulandana malo kumeneku. Maselo opanga magazi akapanikizidwa, munthu amachepa magazi, amatopa ngakhale pokwera minibasi. Atelala abwino akathamangitsidwa, thupi limasowa ma antibody osiyanasiyana, ndiye chibayo chimabwera mobwerezabwereza. Maselo a khansawa amasonkhezeranso maselo amene amagumula fupa, kotero mafupa amabooka timabowo, msana umaphwanyika pang'onopang'ono, munthu amafupika, nthiti imatha kuthyoka ndi chifuwa chabe. Kashiamu wa m'mafupa ogumukawo amathira m'magazi, n'kubweretsa ludzu losatha, kudzimbidwa ndi kusokonezeka maganizo. Madokotala amakumbukira zizindikiro zinayi zazikulu ndi zilembo za CRAB: kashiamu wokwera, impso zofooka, magazi ochepa ndi mafupa obooka. Matendawa amakonda anthu amene apitirira zaka 50, ndipo kwathu kuno sachedwa kusokonezedwa ndi TB ya msana, popeza zonse ziwiri zimaphwanya mafupa a msana ndi kuondetsa munthu.

Odwala ambiri a myeloma, telala wawo amasoka malaya athunthu ofanana, ndi mikono yotsala pambali. Malaya amenewo amagwidwa ndi kuyeza kwakale kotchedwa serum protein electrophoresis, kapena SPEP mwachidule, kumene kumayala mapuloteni a m'magazi ndi mphamvu ya magetsi n'kuonetsa mulu wa malaya a mtundu umodzi. Vuto lili pa odwala pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, amene telala wawo anasiyiratu kudula zipande zazikulu. Iye ndi mikono basi. SPEP imawerenga malaya, ndiye kwa munthu wotere imatha kubwera yoyera, chonsecho khansa ili m'mafupa. Nako kapepala koviika mu mkodzo kamene timakaona pa kiliniki ya Kalingalinga kapena ya George kamamva kwambiri puloteni ina yotchedwa albumin. Mikono yotsalayi sikaimva bwino. Munthu angauzidwe kuti mkodzo uli bwino pamene impso zikumira.

Kuchoka ku mkodzo kupita ku magazi

Mikonoyi inadziwika kale kwambiri, eni ake asanadziwike. Mu 1845 ku London, dokotala William Macintyre anali ndi wodwala wa zaka 45, wamalonda, amene ankalira ndi mafupa. Atatenthetsa mkodzo wake anaona zachilendo: ukafunda unkachita mitambo yoyera, ukawira mitamboyo inkasungunuka, ukazizira n'kubwereranso. Mkodzowo unatumizidwa kwa Henry Bence Jones, amene anaufufuza n'kulemba za puloteniyo mu 1847, ndipo mpaka lero light chain ya mu mkodzo imatchedwa Bence Jones protein. Mu 1956 Leonhard Korngold ndi Rose Lipari ku New York anaonetsa kuti ilipo ya mitundu iwiri. Mu 1962 Gerald Edelman ndi Joseph Gally anatsimikiza kuti puloteni ya mu mkodzoyo ndi mikono yomweyo ya antibody.

Kwa zaka zoposa 150, njira yoipezera inali mkodzo. Wodwala ankapatsidwa chigubu kuti asunge mkodzo wonse wa maola 24, osataya ngakhale kamodzi. Aliyense wokhala pa nyumba za lendi ku Kanyama, pomwe chimbudzi chimodzi ndi cha mabanja angapo, akudziwa kuvuta kwake, osanena za kukwera nacho minibasi chigubucho. Komanso mkodzo umachedwa kuulula. Timachubu ta mu impso timatha kumeza magalamu 10 mpaka 30 a mapuloteni ang'onoang'ono patsiku, ndiye mikono imayamba kutayikira mu mkodzo pokhapokha wosesayo atalemedwa kale. Ndi ngati kuima kudzala kudikira zimene zathawa tsache, m'malo molowa mumsika momwemo.

Kulowa mumsikamo kunali ndi vuto lake. M'magazi muli malaya athunthu ambirimbiri, ndipo onse ali ndi mikono yosokedwa kale. Pa mkono umodzi wotsala pali mazanamazana olumikizidwa. Mungawerenge bwanji yapansi yokha? Yankho linachokera ku Birmingham ku England, kumene Arthur Bradwell ndi anzake a kampani ya The Binding Site anatulutsa kuyeza kotchedwa Freelite mu 2001. Anapanga mankhwala oyezera amene amakakamira m'mphepete muja, mobisika mu msoko wa paphewa. Mkono wosokedwa pa malaya, malo amenewo ndi otsekeka, mankhwalawo sangafikepo. Mkono wogwa pansi, m'mphepetemo muli poyera. Makina amaunika kuwala m'madzi a magaziwo n'kuwerenga kuchuluka kwa zimene zakakamirana. Kwa wodwala, zonsezi ndi kubayidwa kamodzi pamkono, kudya kapena kusadya zilibe kanthu.

Mu 2009 bungwe la akatswiri la International Myeloma Working Group linavomereza kuti pofufuza ngati munthu ali ndi myeloma, kuyeza kumeneku pamodzi ndi SPEP ndi kuyeza kwina kotchedwa immunofixation kungalowe m'malo mwa chigubu cha maola 24. Mu 2014 bungwe lomweli linawonjezera kuti ngati mtundu wochulukawo waposa unzake kuwirikiza ka 100, nawonso uli pa mamiligalamu 100 kapena kuposa pa lita, ndipo maselo osokonekerawo apezeka m'mafuta a m'mafupa pa mlingo woyenera, munthuyo ayambe kuthandizidwa ngati wa myeloma ngakhale fupa lisanathyoke.

Ngalande ikatsekeka

Anthu a ku Kanyama safuna kuuzidwa zimene zimachitika ngalande ikadzaza zinyalala mvula ya Febuluwale isanafike. Mulu wa telala wosokonekera uja ukakula, wosesa amalephera, mikono n'kukokoloka kulowa m'ngalande ya kuseri kwa msika. Mu impso zimachitika motere: light chain imene timachubu toyambirira talephera kumeza imatsikira ku timachubu takumunsi, kumene imakumana ndi puloteni ya mu impso momwemo yotchedwa uromodulin. Ziwirizi zikagwirana zimaundana n'kutseka kachubuko. Timachubu tambiri tikatsekeka, impso zimaima, nthawi zina m'masiku ochepa chabe. Madokotala amayamba kuopa zimenezi mtundu wochulukawo ukapitirira mamiligalamu 500 pa lita.

Pali zinthu zimene zimafulumizitsa kutsekekaku: kuchepa kwa madzi m'thupi, kashiamu wokwera, matenda otentha thupi, ndi mankhwala ena opha ululu. Apa m'pamene nkhani ya labotale imafika m'nyumba zathu. Chithunzi chake n'chodziwika ku Mtendere, ku Matero ndi kwina konse. Mayi wachikulire wogulitsa tomato wakhala pa kampando, dzanja lili pachiuno, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mwana wake wamkazi wabwera kudzamusinthitsa.

"Amayi, mwamwa angati lero?"

"Awiri m'mawa, awiri masana, mwanangu. Popanda amenewa sindingadzuke."

"Nanga madzi?"

"Ndikamwa madzi ndizingothamangira kuchimbudzi, katundu aone ndani?"

M'thumba la chitenje muli Brufen wogula pa kantemba, mwinanso diclofenac. Mankhwala a mtundu umenewu amachepetsa magazi opita ku impso. Kwa munthu wa msana wamba wa zaka 30, masiku awiri a Brufen si nkhani. Kwa munthu amene magazi ake adzaza light chain, wosamwa madzi, wokhala padzuwa, angathe kukhala chinthu chomaliza chimene chimutengere ku makina osefa magazi. Msana wa mayiyu ukhoza kukhala wa ukalamba chabe, ndipo misana yambiri ndi yotero. Koma ngati wapweteka miyezi, ukupweteka ngakhale usiku atagona, ndipo m'maso mwayera, si wa kantemba ayi.

Ratio yosokonekera si khansa nthawi zonse

Pali atelala ena osokonekera amene sakula. Ali ndi anyamata ochepa pakona, akusoka zawo zofananazo, koma salanda tebulo la munthu, sabowola fupa, satseka ngalande. Madokotala amati imeneyi ndi MGUS. Simafuna mankhwala, imangofuna kuyang'aniridwa, chifukwa pa anthu 100 okhala nayo, pafupifupi mmodzi chaka chilichonse amasanduka wa myeloma kapena matenda ofanana nayo. Ambiri amakalamba nayo mpaka kumwalira ndi zina. Ratio imathandiza kusiyanitsa: wa MGUS amene ratio yake ili m'malo mwake ali pa chiopsezo chochepa kuposa amene yake yapendekeka.

Nkhaniyi imatikhudza kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku America, myeloma imagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri azungu. Mu 2007 Ola Landgren ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza amuna 917 a zaka 50 mpaka 74 ku Accra m'dziko la Ghana: pafupifupi 6 pa 100 alionse anali ndi MGUS, kuwirikiza kawiri amuna achizungu a ku Minnesota. Choncho kusamveka kwa matendawa m'makomboni sikutanthauza kuti kulibe.

Palinso matenda ena amene mulu wake ndi waung'ono koma nsalu yake ndi yoipa. Mikono ya telala ameneyu imapindika molakwika, n'kumatana kukhala ulusi wolimba umene umakakhala mu mtima, mu impso, m'mitsempha kapena m'lilime. Amenewa ndi AL amyloidosis, ndipo kawirikawiri olakwa amakhala lambda. Munthu amatupa miyendo, mkodzo umachita thovu, amabanika akayenda pang'ono, manja ndi mapazi zimachita dzanzi, ena lilime limakula mpaka kudindika mano m'mbali. Popeza maselo ake ndi ochepa, SPEP imawaphonya kawirikawiri, ndipo ratio yopendekeka pang'ono ndiyo imatha kukhala mfundo yoyamba. Pa matenda amenewa mkodzo uyenerabe kuyezedwa, ndipo chitsimikizo chimabwera akadula kanyama kakang'ono, mwachitsanzo ka mafuta a pamimba, n'kukaunika.

Apa fanizo lathu lafika pa malire ake. Mumsika, mukaona mulu mumangotembenuka n'kumuona mwini wake. M'thupi sizitero. Pepala la kappa ndi lambda limanena kuti kwinakwake kuli telala wosokonekera, koma silinena kuti ali ndi anyamata angati kapena wawononga zotani. Kuti zidziwike, dokotala amatenga mafuta a m'fupa la chiuno ndi singano, amajambula mafupa, amayeza kashiamu, creatinine (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi kuchuluka kwa magazi. Palibe munthu amene amapatsidwa dzina la matenda ndi pepala limodzi limeneli.

Kuona ngati mankhwala akugwira

Kwa amene wapezeka ndi myeloma, kuyeza kumeneku kumakhala mnzake wa pa ulendo wonse. Chifukwa chake ndi liwiro. Malaya athunthu a mtundu wa IgG amakhalitsa m'magazi. Kuti theka lake lithe pamapita pafupifupi masabata atatu. Theka la mikono yotsala limasesedwa m'maola awiri mpaka asanu ndi limodzi ngati impso zili bwino. Ndiye mankhwala akagwira atelala osokonekerawo, malaya akale amakhala akadali pa mahang'ala kwa milungu, koma pansi pamayera msanga. Dokotala amatha kuona m'masiku ochepa ngati mankhwala monga bortezomib, thalidomide, lenalidomide, cyclophosphamide kapena dexamethasone akugwira ntchito. Kwa wodwala amene impso zake zatsekeka, kutsitsa mulu mwachangu m'masabata oyambirira ndiko kumapereka mwayi woti impsozo zidzukenso.

Pa nthawi ya mankhwala, ratio imasiya kukhala mfumu. Mankhwala amapanikizanso atelala abwino, ndiye nambala ya mtundu winawo imatsika kwambiri, ratio n'kumadumphadumpha popanda tanthauzo. Dokotala amayang'ana mtundu wochulukawo, kapena kusiyana kwa awiriwo: kappa 1,200 kuchotsapo lambda 8, kutsala 1,192. Mwezi wotsatira ikakhala 300, ndiye kuti zikuyenda. Ikayamba kukwera pambuyo pa miyezi yabata, ndi chenjezo loti matenda akubwerera, kawirikawiri ululu usanayambe. Myeloma nthawi zambiri sichiritsika kotheratu, koma imagonekedwa, ndipo anthu amakhala nayo zaka akugwira ntchito zawo.

Chenjezo limodzi: makampani opanga mankhwala oyezerawa ndi angapo. Freelite ndi N Latex ya Siemens siziwerenga mofanana, ndipo magazi amodzimodzi angapereke manambala osiyana. Ndi bwino kuyezetsa pa labotale imodzi nthawi zonse, ndi kuwerenga malire olembedwa pa pepala lomwelo, osati a pepala la mnzanu.

Njira yake mu Lusaka

Kuyeza kumeneku si kwa pa kiliniki ya m'komboni. Kumafuna makina a labotale yaikulu, ndipo amene amakuitanitsa ndi dokotala amene wakayikira kale. Koma kukayikirako kumayambira pafupi. Zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chipata ndi Chilenje, zimene zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndi kumene zinthu zoyamba zimaonekera: full blood count, creatinine ndi X-ray ya msana. Munthu wa zaka zoposa 50 akakhala ndi mafupa opweteka kwa milungu yambiri, magazi ochepa popanda chifukwa chooneka, ndi creatinine yokwera, zitatuzo pamodzi n'zokwanira kupempha kalata yopitira ku UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Chimodzimodzi munthu amene wamwa mankhwala a TB ya msana kwa miyezi popanda kusintha: abwerere akanene, asasiye mankhwala payekha. Odwala khansa amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Amene ali pa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA afunse msanga zimene khadi lawo limalipira, kuti banja lidziwe poyambira kusonkha.

Pepala likafika m'manja, mafunso ofunsa dokotala ndi atatu. Kodi zakwera zonse ziwiri kapena imodzi? Kodi ratio mwaiwerenga poganizira mmene impso zilili? Nanga chotsatira n'chiyani, kudikira n'kudzayezanso kapena kutenga mafuta a m'fupa? Sungani mapepala onse mu envulopu imodzi, ndi madeti ake, chifukwa nambala ya lero imamveka bwino ikaikidwa pambali pa ya mwezi watha.

Pakati pa kalata ndi tsiku loonana ndi dokotala wamkulu pamatha kupita milungu, ndipo milungu imeneyo banja lili ndi ntchito. Chotsani Brufen ndi diclofenac m'nyumba; ululu uthandizidwe ndi Panadol kapena zimene achipatala alemba. Wodwala azimwa madzi okwanira, malita awiri kapena atatu patsiku, pokhapokha dokotala ataletsa chifukwa cha mtima kapena kutupa. Asanyamule zidebe ndi matumba a makala. Ndipo mkodzo ukachepa mwadzidzidzi, miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, akalephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, akatentha thupi kapena kuyamba kulankhula zosokonekera, musadikire deti la pa khadi. Pezani galimoto tsiku lomwelo.